Mutu 6: Nyimbo Yobisala M'kanema

1. Funso la Kayla

"Ba Delight, kodi mankhwala nawonso amakalamba?"

Anafunsa ndi Kayla, mwana wa nyumba yoyandikana ndi ya a Kabwe ku Chelstone. Inali nthawi ya mvula, ndipo mwanayo anali atakhala pakhonde, botolo la mankhwala ake a chifuwa lili m'manja.

Kayla anali ndi chizolowezi chimodzi chimene amayi ake analephera kumuletsa. Ankakonda kumatula timapepala tomata pa zinthu. Botolo la mafuta ophikira, chitini cha mkaka, ngakhale nsapato zatsopano, zonse zinkatsala zamaliseche.

Tsiku limenelo anamatula kapepala ka pa botolo lochokera ku kiliniki. Pansi pake panali kapepala kena kakale.

"Onani," anatero Kayla. "Pamwamba balemba chaka chamawa. Pansi balemba chaka chinapita. Manje chaka chake nichiti?"

Delight, mwana wa a Kabwe, mtsikana wa giledi leveni, anangoseka. "Iwe Kayla, mankhwala si ambuya kuti akalambe. Imwa chabe upole."

Koma Kayla sanapole. Chifuwa chinakula mpaka anagonekedwa m'chipatala. Amayi ake, a Petronella Chibesa, amene msewu wonse unkawatcha Bana Kayla, anatseka kashopu kawo kosokera zovala pamsika wa Chelstone n'kumagona pansi pafupi ndi bedi la mwana. Mavuto sayenda okha: foni yawo inabedwanso m'minibasi popita kuchipatalako.

Mwanayo anachira atapatsidwa mankhwala ena. Anabwerera kunyumba ataonda ngati phesi. Funso lake lija aliyense anali ataliiwala.

2. Foni yosweka galasi

Bambo ake a Delight anali a Meshack Kabwe, koma aneba ankawatcha Bashi Delight. Ankasunga makiyi a nyumba ina yaikulu yosungiramo mankhwala a boma. Analinso mkulu wa mpingo wa Sabata.

Lachisanu lililonse, dzuwa lisanalowe, ankapereka makiyiwo kwa bwana wawo, a Oswell, n'kubwera kunyumba. Kuntchito kwawo aliyense ankadziwa kuti Loweruka a Kabwe simungawaone, ngakhale nyumbayo itayaka moto.

Ankadziwikanso ndi chinthu china. Akamanyamula makatoni, akamadikira basi, makamaka mtima ukakhala kuti suli m'malo, ankang'ung'udza nyimbo imodzimodzi ya kutchalitchi ndi mawu awo a besi. Anzawo anawapatsa dzina loti Ba Kwaya. Iwo eni ake ankakana kuti samaimba.

M'nyumbamo munali foni yakale ya a Kabwe yosweka galasi, imene Delight ankaloledwa kugwiritsa ntchito pa za sukulu. Koma chiyambire kudwala kwa Kayla, bambo ake anaibisa m'thumba la suti yawo yakuda osanena chifukwa.

Lamlungu lina m'mawa, a Kabwe anapita kumsika kukagula makala. Amayi ake a Delight anali ku Mansa kukaona abale. Delight anamaliza kuchapa, n'kuyang'ana kugeti, n'kulowa kuchipinda kwa makolo ake. Anapisa m'thumba la suti ija.

Ankangofuna kuona mauthenga a anzake. Anakakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, n'kutsitsa mawu a foni mpaka pansi. Pofufuza zithunzi zake zakale, anaona kanema amene sankamudziwa.

Kanemayo anajambulidwa kudzera pazenera lafumbi. M'katimo munali amuna atazungulira tebulo lodzaza mabotolo. Wina ankatulutsa mabotolo m'katoni, wina n'kumamata kapepala katsopano pamwamba pa kakale, wina n'kumabwezera m'katoni. Chapatali panaima munthu wamimba, akuzunguza makiyi pachala. Delight anawazindikira. Anali a Oswell, amene anabwerapo kunyumba kwawo pa mwambo wina n'kudya nkhuku yawo.

Anazindikiranso mabotolowo. Anali ofanana ndendende ndi la Kayla.

Pansi pa kanemayo foni inaonetsa tsiku limene anajambulidwa. Linali Loweruka.

3. Chala pa batani

Delight analembera mnzake wapamtima, Chiza Sampa, wa ku Avondale.

"Chiza, nili na vidiyo yoyofya. Bantu ba boma bachinja madeti pa mankhwala yakale. Ndiye yamene yanafuna kupaya Kayla."

Yankho silinachedwe.

"Iwe! Uyembekeza chani? Ponya mu gulupu ya kilasi manje manje! Kufika madzulo Zambia yonse izakhala yaona. Bakawalala aba bazagona mu maselo ya polisi!"

"Nayopa."

"Uyopa chani, mwana wa ba eluda ba chechi? Si ndiwe umakamba maningi mu kilasi ya Siviki? Olo ni pakamwa chabe?"

Mawu amenewo anamubaya. Anakumbukira nthiti za Kayla zikuoneka ngati zingwe za bedi. Anasankha kanemayo, n'kusankha gulu la kalasi lawo. Kanangotsala kabatani kamodzi kobiriwira.

Anati aonerenso kamodzi asanatumize. Ulendo uno chala chake chinagunda m'mbali mwa foni, mawu n'kukwera.

Amuna a m'katimo sankamveka, pakuti zenera linali lotseka. Chimene chinamveka chinali pafupi penipeni ndi foni: mawu a besi, onjenjemera pang'ono, akung'ung'udza nyimbo.

Kuseri kwa mpanda, kumene Bana Kayla ankayanika zovala, kunamveka moni wansangala.

"Bashi Delight, mwabwela kudala? Muli shani? Malasha yadula bwanji lelo?"

Delight anacheuka. Bambo ake anali asanabwere. Munthu amene sanaone n'komwe kanemayo anali atamudziwa kale amene anajambula.

Anachotsa chala pa batani pang'onopang'ono, ngati munthu wochotsa phazi pafupi ndi njoka.

4. Khala la moto

Mpanda wa pakati pa nyumba ziwirizo unali ndi pogumuka pamene ana ankadutsira. Bana Kayla anasuzumira pamenepo, chitenje chonyowa chili paphewa.

"Ah, ndiwe? Nanga batate bako bali kuti? Nabamvela baimba."

Delight sanathe kunama. Anawapatsa foniyo.

Mayiyo anaonera kanemayo ataimirira. Kenako anakhala pansi pa njerwa n'kuoneranso. Sanakuwe. Anangopukuta m'maso ndi chitenje chonyowa chija, n'kuyang'ana kukhonde kwawo kumene Kayla ankagona pamphasa.

"Unafuna kuituma kuti?"

"Mu gulupu ya kilasi, ba anti. Bantu bafunika baziwe."

"Watuma?"

"Awe."

"Khala apa, mwana wanga, umvele."

Delight anakhala pansi.

"Ine ndine nyina wa uja mwana. Ngati pali munthu mu Chelstone muno wamene afuna kuti bantu aba bamangiwe, ndine. Mtima wanga manje uli monga mbaula. Koma mvela nikuuze. Choonadi chili monga khala la moto. Chimaphika, chimaunika, chimathawitsa na njoka. Koma ukachinyamula na manja chabe, woyamba kupsa ndiwe, na nyumba yako.

"Ubaziwa Bashi Kayla, ba Morris. Uganiza banabadwa oyendetsa matilaki ya ku boda? Banali mu ofesi, na tayi. Banaona bakulu bakuba mafuta ya mamotoka ya boma. Mtima unabapya monga wapya iwe lelo. Banayenda pa wailesi, bakamba na dzina yawo, na ya batate bawo. Tinabaombela m'manja msewu onse. Mwezi usanathe, banabapezela mulandu wabodza, nchito yasila. Baja bakawalala banakwezewa. Bamene banaomba m'manja, palibe olo umodzi anabwela kufunsa ngati tadya. Lelo mwana wawo adwala, beve bali ku boda, bamvela chabe pa foni.

"Sinikamba kuti banalakwa kukamba. Banalakwa kanyamulidwe. Gulupu yako ija ili na bana bangati? Aliyense ali na amalume, ali na neba. Kufika madzulo vidiyo ili pa foni ya uja wamimba. Azamvela nyimbo, azaseka, azati, 'Ba Kwaya.' Mabotolo bazabisa usiku umodzi. Bazatsala ni batate bako, beka, pa msewu. Ndipo vidiyo iyi si yako. Munthu anaika moyo wake pa zenela ija ni beve. Sungagulitse mbuzi ya mwine chifukwa chakuti waipeza pa chingwe."

Delight anaweramitsa mutu. Foni inanjenjemera m'manja mwa mayiyo. Anali Chiza: "Nanga? Tiyembekeza!"

Delight anailandira n'kulemba kuti, "Iwalako. Sinizatuma. Ndipo usauze munthu, napapata." Kenako anafufuta mauthenga onse amene anatumizirana.

5. Mkulu wa mpingo pazenera

Geti inalira. A Kabwe analowa akukankha wilibala ya thumba la makala, akung'ung'udza. Ataona foni yosweka ija m'manja mwa mwana wawo, nyimboyo inaduka pakati.

Delight anagwada.

"Badadi, nalakwa. Natenga foni mu suti yanu. Naona vonse. Ninafuna kutuma ku banzanga, koma sininatume."

A Kabwe anatula wilibala. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana neba wawo, n'kukhala pa thumba la makala osasamala za buluku lawo.

"Bana Kayla," anatero motsitsa, "nilibe nkhope yokuyang'anani nayo."

"Kambani chabe, Bashi Delight. Tili pano."

Analankhula akuyang'ana pansi.

"Tsiku lija tinabwela kuona mwana ku chipatala, ninaona botolo yake pa kabati, na mapepala yawili. Ninaiziwa. Makatoni yaja ninayaika pambali neka kuti yakatayiwe. Manje yanafika bwanji ku kiliniki? Ninayamba kuona kuti Mande iliyonse makatoni yasuntha, pansi pali tumapepala. Ndiye ninaziwa kuti bantu aba basewenzesa Sabata yanga. Baziwa kuti Kabwe pa Chiwelu ali mu chechi, makiyi ali na beve. Ine niimba, beve bamata.

"Chiwelu chinakonkhapo, mapemphelo ya m'mawa yatasila, sininakhale pa chakudya. Ninakwela basi na suti yanga, Baibo m'khwapa. Chibadwile sininapondepo ku nchito pa Sabata. Ninazungulila kumbuyo, naimilila pa dilamu monga kawalala, najambula.

"Delight, mwana wanga, uganiza ine nilibe mtima? Vidiyo iyi yanilanda tulo. Koma mvela. Munthu wamene ali na makiyi ndiye woyamba kumangiwa katundu ikasowa. Bakaziwa kuti ndine, bazakamba kuti Kabwe ndiye anagulitsa mankhwala yabwino. Beve bali na maloya, ine nili na Baibo na wilibala. Nyumba ino ni ya lenti. Iwe ukalibe kusiliza sukulu. Ku chechi nakonso bazafunsa kuti mkulu wa mpingo anali kuchita chani pa dilamu tsiku la Sabata. Imwe bana ba manje muona monga kutuma chinthu ni kusewela, chala chabe, tapu! Koma mawu yakachoka pakamwa siyabwelela, ndipo ya pa foni yathamanga kupambana ya pakamwa. Usakatume chinthu chili chonse ukali wokalipa. Yamba wafunsa: ichi chizapweteka ndani? Nanga ni changa?"

"Namvela, Badadi," anatero Delight. Kenako anadzutsa mutu. "Koma mabotolo yaja yakali kuyenda ku makiliniki. Kuli bana benangu monga Kayla."

Kukhonde kuja Kayla anatsokomola kamodzi n'kutembenuka.

"Ba ticha ba Siviki banatiuza za tsamba ina ya pa intaneti," Delight anapitiriza. "Dzina yake ni Tisabise. Ni ya bamtolankhani. Munthu atuma umboni kopanda kulemba dzina. Beve sibaponya pamene apo. Bayamba bafufuza, bayenda ku makiliniki, bagula mabotolo, bafunsa na ba boma kuti bayankhe. Vonse vamene vingaonetse munthu anatuma, bachotsa. Banatiuzanso kuti kuli lamulo yoteteza bantu boulula vinthu monga ivi."

"Lamulo ili mu buku, mwana wanga. Ba Oswell bali mu ofesi."

"Ndiye chifukwa chake sitifunika kuonekela. Imwe muli na chishango chamene benangu balibe. Palibe angaganize kuti munali kuja pa Chiwelu. Chofunika chabe ni kuchotsa nyimbo."

A Kabwe anakwinya nkhope. "Nyimbo yotani?"

"Yamene munali kuimba pojambula."

"Ine? Pa dilamu paja? Ninali zii monga mbewa!"

Delight anakweza mawu a foni. Besi uja anadzaza kuseri kwa nyumba, akukwera ndi kutsika mosamala ngati ali pa guwa.

A Kabwe anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Mwe Lesa! Mpaka na kolasi!"

Bana Kayla anaseka misozi ili m'masaya. "Ine nakupatsani na moni pa mpanda, Ba Kwaya. Nafunsa na mtengo wa malasha!"

Nawonso a Kabwe anaseka pang'ono, koma kusekako kunatha msanga. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Sembe unatuma," anatero. Sanamalize.

6. Pogumuka mpanda

Asanadye chakudya chamasana, foni yatsopano ya a Kabwe inalira m'thumba. Ataona dzina, anaimirira n'kuvula chipewa ngati woimbayo akuwaona.

"Ba bosi... Eya, tili bwino... Mailo m'mawa? ... Eya... Yonse? ... Namvela, ba bosi."

Anatsitsa foniyo pang'onopang'ono.

"Ni ba Oswell. Ati malonda wolondela kampani ya pafupi anabauza kuti Chiwelu china anaona munthu wa suti pa zenela ya kumbuyo. Mailo pa Mande aliyense apeleke foni yake ku ofesi baione." Anayang'ana foni yosweka ija. "Ati, 'Ba Kwaya, imwe niziwa munali ku chechi, ni mwambo chabe. Koma mubwelese na ija yakudala yong'ambika gilasi.'"

Delight anafunsa kuti, "Tifufute vidiyo, Badadi?"

"Mukafufuta, mwana wanga anadwalila mahala chabe," anatero Bana Kayla.

"Nikaisiya ku nyumba, bazafunsa ili kuti," anatero a Kabwe. "Ndipo ine kunama sininga. Olo niyese, nkhope imanigulitsa."

Bana Kayla anapukuta manja pachitenje n'kutambasula dzanja lamanja.

"Nipatseni."

"Kuti muisunge?"

"Awe. Munipatse ikhale yanga. Yanga banaba mu basi, msewu onse uziwa. Nili na mwana odwala, bamuna banga bali ku boda, nilibe poitila. Mailo bakafunsa, mukambe kuti, 'Ninapatsa neba wanga.' Pali bodza apo?"

"Palibe. Koma bangabwele kwa imwe."

"Babwele. Bazapeza mai wa mwana wamene banafuna kupaya. Na botolo ija nikali nayo, na mapepala yake yonse yawili. Bamtolankhani bakaifuna, izayenda pamodzi na vidiyo."

A Kabwe anatenga foni yosweka ija m'manja mwa Delight. Anaiyang'ana ngati munthu wotsanzikana ndi m'bale, kenako anaipereka ndi manja awiri. Bana Kayla anailandira ndi manja awiri, n'kuimangirira pa mfundo ya chitenje chawo.

Mayiyo anadutsa pogumuka paja n'kutembenuka ali mbali ya kwawo.

"Bashi Delight, nimveleni. Dzina yanu siizachoka pakamwa panga, olo kwa ba pasita, olo kwa Bashi Kayla. Ndipo vikavuta ku nchito, mpanda uyu sitizaumanga. Chamene chizaphikiwa uku chizadutsa apa. Ndiye lonjezo yanga. Manje yanu?"

A Kabwe anaika dzanja pa phewa la Delight. Kukhosi kwawo kunayamba kutuluka kamawu ka besi, koma anakagwira msanga n'kutsokomola.

"Uyu mwana azabwela kwanu achotse nyimbo, ine nili pambali pake," anatero. "Dzuwa ya Chisanu isanangene, Bana Kayla, vidiyo izakhala yafika kwa bamtolankhani. Makiyi yaja sinizayapelekanso nili chete."